Nkhope zathu pa malonda a mafoni: akutilemekeza kapena akungotibwereka?

Nangozo wa ku Mufakose:
Moni nonse abale. Pali nkhani imene ikundisowetsa mtendere. Mukamaona malonda a mafoni, mahedifoni ndi malaputopu, kaya pa YouTube, pa DStv kapena pa zikwangwani za mumsewu wa Samora Machel muno mu Harare, mwaonapo mmene amagawira anthu ntchito? Akafuna kuti katunduyo aoneke wobeba, woti achinyamata amusirire, amaika mnyamata wakuda akuvina, kapena mtsikana wa tsitsi lotukuka akudumpha mahedifoni ali kukhutu. Koma ikafika nthawi yofotokoza nzeru zimene zili m'kati mwa chipangizocho, amabweretsa mzungu atakhala phee m'chipinda choyera, akulankhula modekha ngati mwini wake. Ife atipatsa chiuno, iwo atenga mutu. Ana amene ndimaphunzitsa amaonera zimenezi tsiku ndi tsiku, ndiye zikundiwawa. Kodi ndikuziona ndekha?

Tiyamike (UZ):
Aphunzitsi, ndakumvani, koma ine ndikuona kuti kuoneka n'kwabwino kusiyana ndi kufufutidwa. Mu 2009 kampani ya Microsoft inali ndi chithunzi cha anthu atatu ali pa msonkhano mu ofesi: mwamuna wa ku Asia, bambo wakuda ndi mayi wachizungu. Pochiika pa tsamba lawo la ku Poland, anachotsa mutu wa bambo wakudayo n'kuikapo wa mzungu, koma dzanja analiiwala, linatsala lakuda. Anthu atazindikira, kampaniyo inapepesa. Kumene tachokera ndi kumeneko. Lero akutifunafuna kuti tikhale kutsogolo, ndiye tidandaulenso?

Nangozo wa ku Mufakose:
Mwana wanga, taonanso bwino chitsanzo chakocho. Bamboyo anali atavala suti, atakhala pa tebulo pamene pamapangidwa ziganizo. Pampando umenewo ndi pamene anamuchotsa. Akanakhala kuti akuvina, ndikukayika ngati akanamukhudza.

Bambo Phiri osindikiza, Kuwadzana:
Nkhani iyi yandipeza pakhomo, chifukwa ntchito yanga ndi yojambula ndi kusindikiza zikwangwani. Ndiloleni nditalikitseko pang'ono.

Amene anali achinyamata cha m'ma 2003 akukumbukira malonda a iPod, kachipangizo komverera nyimbo ka kampani ya Apple. Munthu ankaoneka ngati chithunzithunzi chakuda bii, wopanda maso, wopanda pakamwa, akuvina kutsogolo kwa mtundu wowala, wobiriwira kapena wachikasu, ndipo chinthu chokhacho choyera chinali kachipangizoko ndi zingwe zake zopita kukhutu. Ovinawo anali a mitundu yosiyanasiyana, izo n'zoona, koma mavinidwe ambiri ndi makonzedwe a tsitsi ankakuuza kumene udolowo wabwerekedwa. Ife ojambula tinawasirira kwambiri malonda amenewo chifukwa anakonzedwa mwaluso. Chimene chimandikhudza n'chakuti munthu analibe nkhope, chokhala ndi dzina chinali katundu.

Ndiye pali ena amene anachita poyera. Mu 2006 Sony inakhoma zikwangwani ku Netherlands zotsatsa PSP yoyera, kachipangizo kosewerera magemu, pamene mayi wachizungu wovala zoyera anagwira mayi wakuda kuchibwano mwaukali. Anthu anakwiya, zikwangwanizo zinachotsedwa. Chaka chotsatira, 2007, Intel inatulutsa chithunzi cha bwana wachizungu ataima pakati pa ofesi, manja atapinda, ndipo mbali zonse kuli amuna akuda asanu ndi mmodzi othamanga, atawerama ngati akudikira wenzulo ya mpikisano. Iwo ankati akusonyeza liwiro la makompyuta. Aliyense wa maso anaona bwana ndi anthu omugwadira. Nawonso anapepesa. Funso langa ndi ili: chithunzi chisanatuluke chimadutsa m'manja mwa anthu angati? Wojambula, wokonza mitundu, woyang'anira malonda, abwana. Onsewo palibe anati “imani kaye”? Zikusonyeza amene analimo m'chipindamo ndi amene munalibe.

Achimwene Mwale a thiraki:
Bambo Phiri mwafotokoza bwino. Koma oimba ndi othamangawo sakakamizidwa. Amalipidwa, ndipo ndalama zake si zamasewera.

Bambo Phiri osindikiza, Kuwadzana:
Zoona achimwene, ena anapata. Dr. Dre ndi mnzake Jimmy Iovine anayambitsa mahedifoni a Beats, ndipo mu 2014 Apple inagula kampaniyo pa madola 3 biliyoni. Apo munthu wakuda anali mwini, sanali wongovina, ndipo ine ndimamuvulira chipewa. Mu 2013 Samsung inagula makope 1 miliyoni a chimbale chatsopano cha Jay-Z kuti igawire anthu a mafoni a Galaxy chisanafike pamsika. Chaka chomwecho BlackBerry inapatsa Alicia Keys udindo wa mkulu wa zaluso, ndipo Intel inali itachita kale zofanana ndi woimba will.i.am mu 2011. Koma taonani mbali inayi. Google itaulula koyamba za antchito ake mu 2014, anthu akuda anali 2 peresenti yokha ya antchito ake a ku America. Facebook nayo chaka chomwecho inali pa 2 peresenti. Ndiye pakhomo pamata nkhope zakuda zotchuka, m'kati mwa nyumba mulibe. Zili ngati woimba ng'oma pa ukwati: popanda iye bwalo silitentha, koma pogawa mphatso ndi pokambirana za banja samuitana.

Che Jafali, Gulf Complex:
Salaam abale. Ine sukulu ya zimenezi sindinapite, koma tsiku lonse ndimakhala ndi mafoni otsegula pamimba, ndiye ndikuuzeni zimene ndimaona pa kauntala.

Mtsikana akabwera kudzagula foni, safunsa za purosesa. Amatsegula kamera yakutsogolo, amatembenukira kumene kuli kuwala kwa pakhonde, amadzijambula, kenako amalowa pakona pamene pali kamdima n'kudzijambulanso. Nkhope ikatuluka bwino, foni yagulidwa. N'chifukwa chake Tecno, Itel ndi Infinix zinatenga msika. Zonse zitatuzi ndi za kampani imodzi, Transsion ya ku Shenzhen, ku China. Iwo anakhala pansi n'kukonza kamera kuti izitha kujambula khungu lakuda, anaika malo a masimu awiri chifukwa amadziwa kuti munthu wa kuno amayenda ndi Econet ndi NetOne, anaika batire lokhalitsa chifukwa magetsi athu mukuwadziwa. Sanachite chifukwa chotikonda, ndi bizinesi, koma anatiyang'ana ngati ogula enieni.

Komabe mnyamata yemweyo amene Tecno ikumutumikira bwino, akangopeza kangachepe amabwera kudzafuna iPhone yakale yochokera ku UK, batire litatha, galasi litasinthidwa kale. Ndimamuuza kuti mphwanga, iyi pofika masana ikhala itazima. Amati zilibe kanthu Che, bola kaapulo kazioneka ndikamadzijambula pagalasi. Ena amagula kachikuto kobowola kumbuyo kuti kachizindikiroko kasabisike. Ndiye amene anamuphunzitsa kuti ulemu uli pa kaapulo ndani? Ndi oimba omwewo amene amawaona nayo m'manja.

Mayi a Dalitso, Dzivarasekwa:
Che Jafali, pa kamera pomwepo ndiimepo. Inu mukuti imajambula bwino khungu lakuda, ine ndikuti mafoni ambiri amayeretsa. Ku saluni kwanga ndikamaliza kuluka munthu ndimamujambula kuti ndiike pa status. Tsiku lina ndinaluka mtsikana wakuda bwino, khungu losalala lonyezimira, wokongola zedi. Ndinamujambula ndi foni yanga, iye anati ayi amayi, jambulani ndi yanga. Chithunzi chotuluka m'foni yakeyo anali munthu wina: nkhope yayera, mphuno yaonda, timizere ta pamphumi tonse tafufutika. Iye kumwetulira, akuti apa ndiye ndatchena. Mtima wanga unawawa. Mwana ameneyu akadziona pagalasi kunyumba aziti wolakwika ndi iyeyo, wolondola ndi wa m'foni. Mawa lake ndi uja akukagula mafuta oyeretsa khungu kwa amayi a pamsewu.

Ndipo taonani atsikana a pa zikwangwani za mafoni ndi mabandulo a data muno mu Harare. Inde ndi akuda, palibe mzungu. Koma ndi akuda a mtundu wanji? Oyererako, tsitsi la wigi lofika kumsana, mano ngati sanadyepo chimanga chokazinga. Mnyamata akhoza kukhala wakuda bii, amati ndiye dolo. Mtsikana wakuda bii simumuona kawirikawiri.

Che Jafali, Gulf Complex:
Amayi, apo mwanena zoona. Zimenezo zimabwera zotsegula kale kuchokera kufakitale, munthu osadziwa n'komwe kuti foni ikumupaka ufa.

Agogo aamuna a ku Highfield:
Ana anga, ndawerenga zonse, mdzukulu wanga ndi amene akundilembera pamene ine ndikulankhula.

Zimene mukuonazi ndi zakale, zangosintha malaya. Ife tikukula m'nthawi ya Rhodesia, m'magazini ndi m'manyuzipepala munkadzaza malonda a Ambi, mafuta oyeretsa nkhope. Ankaonetsa mnyamata ndi mtsikana oyera, ovala bwino, kusonyeza kuti otsogola ndi amenewo. Akazi ambiri anapsa nawo masaya, zipsera zake ena anapita nazo kumanda. Chipangizo chamakono cha nthawi imeneyo chinali wailesi. Supersonic inkapangidwa ku Bulawayo konkuno, ndipo bambo anga atapita kumudzi ku Dedza anabwerako ndi nkhani ya wailesi ya Nzeru yopangidwa ku Malawi, akunyadira kuti dzina lake ndi la chinenero chathu. Mnyamata woyenda ndi wailesi paphewa Lamlungu masana ndiye anali munthu, atsikana ankamuyang'ana kawiri. Choncho kusirira chipangizo si kwa lero, ndipo sindikuwadzudzula anyamata a Che Jafali.

Chimene ndikufuna muganizire ndi ichi. Mukukamba za azungu ndi anthu akuda, koma ife a gulu lino tili ndi bala lina. Makolo athu anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mapulazi a fodya, m'migodi ndi m'makhitchini a ku Salisbury. Anatitcha mabhurandaya, anthu opanda kwawo. Zitupa zathu zinalembedwa kuti ndife alendo ngakhale tinabadwira pa Harare Hospital, mpaka malamulo a dziko a 2013 ndi amene anatsegula njira kwa obadwira muno amene makolo awo anachokera m'maiko oyandikana nawo. M'masewero oseketsa, munthu wolankhula Chishona chopotoka ngati cha bambo anga ankakhala wa m'dimba kapena wophika, woti anthu amuseke. Ndiye ndifunse: munaonapo malonda a foni kapena a intaneti muno m'dziko momwe munthu akulankhula Chichewa ngati munthu wanzeru, wolemekezeka? Koma ndife amene timadzaza mizere ya Mukuru kutumiza ndalama kumudzi, ndife timagula data yoimbira abale ku Lilongwe ndi ku Mangochi. Ndalama yathu amaidziwa, nkhope yathu saidziwa.

Nangozo wa ku Mufakose:
Zikomo agogo. Mwafika pamene ine sindinafike.

Tiyamike (UZ):
Agogo, mawu anu andilasa. Ndiwonjezere za kamera zija, chifukwa tinaziphunzirako ku yunivesite. Vutoli linayamba kale mafoni asanabwere. Kodak inkapatsa otsuka zithunzi kakhadi kokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu kuti aziyezera mitundu, ndiye filimu yonse inkakonzedwa potengera khungu loyera. Ndi chifukwa chake zithunzi zakale za makolo athu zimangooneka maso ndi mano. Zitabwera za kompyuta, matendawo anasamukira momwemo. Mu 2015 pulogalamu ya Google Photos inalemba zithunzi za anthu akuda kuti ndi anyani a gorila, kampaniyo inapepesa. Mu 2018 Joy Buolamwini, wofufuza wa pa yunivesite ya MIT ku America amene makolo ake ndi a ku Ghana, anayesa mapulogalamu ozindikira nkhope a makampani akuluakulu. Pa amuna oyera ankalakwitsa osafika 1 peresenti, koma pa akazi akuda kwambiri ina inkalakwitsa mpaka pafupifupi 35 peresenti. Taganizani, nthawi yomweyo malonda awo ali odzaza ndi akazi akuda akumwetulira.

Koma kudandaula kumathandiza. Mu 2021 Google inatulutsa Pixel 6 ndi njira yojambulira imene anaitcha Real Tone, atagwira ntchito ndi akatswiri ojambula anthu akuda. Ine pamenepo ndimaona kusiyana. Kuika munthu wakuda pa chikwangwani n'kosavuta, kusintha chipangizo kuti chimuone bwino kumafuna kuti wina wake amve.

Mayi a Dalitso, Dzivarasekwa:
Nanga Pixel yo angaigule ndani ku Dzivarasekwa, mwanawe?

Tiyamike (UZ):
Palibe amayi, ngakhale ine ndimangoiona pa intaneti.

Achimwene Mwale a thiraki:
Ine ndikadali pomwe ndinali, kuti kuvina pa malonda si tchimo, ndipo mwana wathu akapeza mwayi wotero adye ndalamayo. Koma pali chimene ndimaona pamsewu chimene sichidzaoneka pa chikwangwani chilichonse. Ndimayenda njira ya Chirundu mpaka ku Kasumbalesa, pa malire a Zambia ndi Congo. Mathiraki amandandalika mtunda wautali, madalaivala tikuphika nsima pansi pa ngolo, tikudikira mapepala. Katundu wotuluka uko ndi kopa ndi kobalti. Kobalti ameneyo ndi amene ali m'mabatire a mafoni ndi malaputopu, ndipo Congo yokha imatulutsa pafupifupi magawo 70 pa 100 a kobalti yense wa padziko. Ku Kolwezi ndinaona anyamata akutuluka m'maenje okumba ndi manja, matumba pamsana, thupi lonse fumbi, mapazi opanda nsapato zoyenera. Akuda ngati ife tomwe. Kuno kwathu nakonso lithiamu, amenenso amalowa m'mabatire, akukumbidwa ku Bikita ndi ku Goromonzi, migodi yake inagulidwa ndi makampani a ku China, ndipo boma linaletsa kutumiza kunja miyala yosayenga kumapeto kwa 2022. Ndiye munthu wakuda ali koyambirira kwa foni, m'dzenje, ndipo ali kumapeto kwake, pa chikwangwani. Pakati pamene pali ndalama zenizeni ndi pamene ndimamusowa.

Nangozo wa ku Mufakose:
Achimwene, ndiye simukusiyana nane kwenikweni. Inenso sindikudana ndi kuvina, ndine Mchewa, gule ndi wathu. Chimene ndikukana ndi chakuti mwana azikula akudziwa malo amodzi okha amene amuikira.

Ndinauza ana a m'kalasi mwanga kuti ajambule munthu amene amapanga makompyuta. Ana a ku Mufakose, ambiri sanalankhulepo ndi mzungu chibadwire. Pafupifupi onse anajambula mwamuna wa tsitsi lowongoka ndi magalasi, ena mpaka anasiya nkhope osaipaka kuti ikhale yoyera ngati pepala. Mtsikana wina amene amakhoza masamu kuposa onse anatenga chekeni chofiirira, anachiyang'ana, n'kuchibweza m'bokosi. Nditamufunsa anati, madamu, opanga makompyuta sakhala otere. Palibe anamuuza zimenezo ndi pakamwa. Waziphunzira pa zimene amaona.

Tsiku lotsatira ndinawauza za Strive Masiyiwa, injiniya wa konkuno amene analimbana m'makhoti zaka zingapo kuti apatsidwe chilolezo, mpaka Econet inayamba mu 1998, ndipo EcoCash imene amayi awo amalipirira fizi inabwera mu 2011. Ndinawauza za William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene ali ndi zaka 14, atasiya sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa fizi, anapanga makina amphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola ndi zida za njinga. Ndinawauzanso za Rachel Sibande amene anayambitsa mHub ku Lilongwe kuti achinyamata aziphunzira kupanga mapulogalamu. Nditanena kuti awiriwa amalankhula Chichewa, ana a makolo ochokera ku Malawi, amene nthawi zambiri amabisa mayina a kwawo, anadzutsa mitu.

Bambo Phiri osindikiza, Kuwadzana:
Aphunzitsi, ndikuuzeni mmene zimakhalira kwa ife osindikiza ang'onoang'ono, kuti muone kuti vutoli silili ku California kokha. Munthu wa shopu ya makompyuta akabwera kufuna chikwangwani, ndalama yolipira wojambula ndi munthu woti ajambulidwe alibe. Ndiye timapita pa intaneti kukatenga zithunzi zaulere. Ukalemba kuti ukufuna katswiri wa kompyuta, zoyamba kutuluka zambiri ndi azungu ndi Amwenye. Ukafuna wakuda uyenera kuchita kutchula. Ndipo ndikamuika wakudayo, makasitomala ena amakana. Wina wa sukulu yophunzitsa kompyuta anandiuza maso ali gwa kuti ikani mzungu, anthu aziona kuti maphunziro athu ndi apamwamba. Munthu wakuda mnzanga, sukulu yake ili m'tauni momwe muno, ophunzira ake onse akuda. Ndinakangana naye mpaka anapita kwina.

Achimwene Mwale a thiraki:
Koma mwina iyeyo akuwadziwa makasitomala ake. Ngati mzungu pa chikwangwani akubweretsa ophunzira, mumuuza kuti ana ake agone ndi njala?

Bambo Phiri osindikiza, Kuwadzana:
Anayesapo chinacho n'kuona kuti sichibweretsa? Sanayese. Amangoopa.

Che Jafali, Gulf Complex:
Bambo Phiri, ine ndiyesa. Chikwangwani cha pashopu panga chinasuluka ndi dzuwa, ndipo chili ndi dzanja loyera litagwira foni, ndinangochipeza momwemo kwa amene ankachita lendi ine ndisanalowe. Ndili ndi mtsikana amene ndikumuphunzitsa ntchito, mwana wa mlongo wanga wa ku Mbare. Dzanja lake pa chitsulo chowotcherera ndi lokhazikika kuposa langa, timawaya ta pa bodi timene ine ndimafuna galasi lokulitsa iye amangotilumikiza. Ndikufuna chikwangwani chatsopano chikhale ndi iyeyo ali pa benchi, foni yotsegula patsogolo pake. Makolo ake ndiwapempha kaye. Mtengo tikambirana kumbali.

Bambo Phiri osindikiza, Kuwadzana:
Bwerani naye Che. Tidzamujambule m'mawa, pafupi ndi khomo pamene kuwala kumalowa cham'mbali, osati pansi pa mababu oyera a m'shopu aja, amachititsa khungu kuoneka lotuwa. Avale zimene amavala pa ntchito. Mitundu ndikonza ndekha, sindimuyeretsa ngakhale pang'ono.

Mayi a Dalitso, Dzivarasekwa:
Tsitsi ndimuluka ine, ulere. Koma Che Jafali, musanachoke, zoyeretsa za m'kamera zija zimazimitsidwa bwanji? Ndikufuna ndiziwasonyeza atsikana akabwera ku saluni.

Che Jafali, Gulf Complex:
Tsegulani kamera yakutsogolo amayi, muyang'ane pamene palembedwa Beauty, kapena kachizindikiro ka nkhope kapena ka kandodo kokhala ndi nyenyezi. Mukadina pamatuluka kamzere, kakokereni mpaka pa 0. Mafoni ena ali ndi AI Cam, pamenepo sankhani kujambula wamba. Chenjerani, ena amabwezeretsa okha mukazimitsa foni, ndiye muziyang'ananso. Ikakuvutani mudzadutse pashopu mukabwera kudzaoda mawigi m'tauni.